Kamodzi Tipite, Kawiri Tiime

Pamdadada wa nyumba za lendi pamene ankakhala, palibe amene ankamuitana ndi dzina lake. Anali Make Mapasa basi, ndipo ngakhale kuntchito, kumene mapasawo sanapondeko n'kamodzi komwe, dzinalo linamulondola. Ankakolopa m'maofesi a nyumba ina yosanja pakati pa tauni. Ankafika mabwana asanafike, n'kuyambira pamwamba kutsika nayo ntchito mpaka pakhomo la kumsewu, ndowa kudzanja ili, mopu kudzanja ilo, makiyi akulendewera pachingwe m'khosi. Anali mayi wamfupi, wamapewa otambalala, wosakonda zolongolola. Anthu akamva kuti ndi mwana wa Akondakitala ankayamba aseka kaye, chifukwa bambo akewo pakamwa pawo panalibe tchuthi.

Akondakitala anathera moyo wawo wonse pakhomo la basi, kudula matikiti ndi kukangana ndi anthu za chenji, mpaka mawondo anakana. Atapuma anakakhala kwa mwana wawo wamwamuna, mlongo wake wa Make Mapasa, kutsidya lina la tauni, ulendo wa minibasi ziwiri. Mlongoyo ankayendetsa thiraki ndipo pakhomo pake ankafika ngati mlendo, choncho amene ankasamala nkhalambayo anali mkazi wake, mlamu wake wa Make Mapasa.

Lamulungu lililonse Make Mapasa ankapita kumeneko ndi buledi m'jumbo. Ankakhala pakampando n'kumawawenga zikhadabo bambo akewo, iwo akufotokoza za anthu amene anawanyamulapo: mbusa amene ankabisa tikiti m'sokosi, mkwati amene anagona n'kupitirira siteji ya ukwati wake, ndi mayi wina amene anakwera ndi kabati yodzaza mbale n'kukana kuti ikwezedwe padenga. Ya kabatiyi ndiyo ankaikonda kuposa zonse. Tinene zoona, Make Mapasa sankamvetsera. Mawu a bambo ake anali ngati wailesi ya nyumba yoyandikana: sutsatira zimene ikunena, koma mtima umakhala m'malo chifukwa ikumveka. Pakati pa sabata ankawaimbira foni kuti angomva ngati adzuka bwino, ndipo moniyo ankatha pokhapokha mayunitsi akatha. Pa zinthu zonse zimene anali nazo, mawu amenewo ndiwo sankawaganizira kuti angadzasowe.

Kenako mwini malo owotcherera zitsulo, kumene mwamuna wake ankagwira ntchito, anagulitsa malowo kwa anthu otsuka magalimoto. Bambo a mapasa anabwera kunyumba ndi magalasi awo akuda owotcherera ndi lonjezo loti adzaitanidwa. Sanaitanidwe. Ankapeza ganyu apa ndi apo, geti lothyoka, wilibala yoduka mwendo, koma nyumba yonse inatsamira pa malipiro a mopu. Ndipo mapasa ndi anthu okwera mtengo: nsapato zimang'ambika pamodzi, chimfine chimabwera pamodzi. Posakhalitsa mwininyumba anasiya kuyankha moni.

Pali anthu amene mavuto akawafika amalira, ena amasamukira kutchalitchi, ena kumowa. Make Mapasa ankadula, ndipo anali nalo luso lake. Anayamba ndi firiji. Anaizimitsa, n'kuipukuta bwinobwino, ndipo inasanduka mosungira makope a ana, poti makoswe sangalowemo. Anagulula mababu a kuchipinda ndi la pakhonde, n'kusiya limodzi la pabalaza. Mtanda wa sopo ankaudula ndi ulusi tizidutswatizidutswa, n'kumatulutsa kamodzikamodzi. Shuga sanaletse munthu. Anangochotsa supuni ya m'chitini n'kuikamo kasupuni ka mankhwala a chifuwa, n'kulengeza kuti aliyense azithira masupuni awiri monga mwa kale. Masamba a tiyi ankawayanika pawindo kuti agwirenso ntchito mawa lake. Tsitsi anameta, n'kumamanga mpango. Minibasi ya kuntchito ankatsikira pamsika, pamene mtengo umasinthira, n'kumaliza ulendowo wapansi.

"Inu mayi," anatero mwamuna wake tsiku lina, atapunthwa pa mwendo wa bedi, "mudzafika pogulula ndi dzuwa lomwe, mwati likutha mayunitsi."

"Likanakhala pa mita yathu bwenzi nditagulula kale," anayankha iye, osaseka.

Chimene anatulukira m'miyezi imeneyo n'choti chilichonse chimapweteka masiku oyamba okha. Tiyi wopanda mkaka amawawa masiku oyamba, kenako amangokhala tiyi. Mdima wa kuchipinda umakupunthwitsa masiku oyamba, kenako mapazi amaloweza pamene pali bedi. Atadziwa zimenezi anasiya kuopa. Akadula chinthu ankangodikira kuti ululu wake udutse, ndipo unkadutsadi. Chimene sanaone n'choti ndi zokoma zomwe zinasiya kumveka. Mapasa atabwera ndi zotsatira zabwino za mayeso, iye anangoyang'ana mapepalawo n'kufunsa ngati mapensulo akadalipo.

Komabe kudula kuli ndi malire. Sungadule lendi ndi ulusi. Panafunika ndalama ina yolowa, ndipo anaipeza kuofesi komweko. Anthu a mataye amaoneka anzeru ukamawaona kutsogolo, koma wokolopa amawaona kumbuyo, atawerama pa makompyuta awo. Ambiri anali osakwatira, ndipo malaya awo ankachita kuulula. Tsiku lina, akukolopa pansi pa desiki ya mmodzi wa iwo, anangoti, "Achimwene, malaya awa akuoneka ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Mundipatse Lachisanu, Lolemba mudzawapeza ali anthu." Munthuyo anaseka, koma Lachisanu anabweretsadi. Sabata yotsatira anabweretsa ndi a anzake.

Kuyambira apo Lachisanu ankaweruka ndi chikwama chachikulu pamutu. Loweruka ankachapa, Lamulungu ankasita, Lolemba malaya ankabwerera atapachikidwa pa mahang'ala amene bambo a mapasa ankapinda ndi waya wotola. Simbi ya magetsi sanaiganizire n'komwe. Anatulutsa ya makala imene malemu mayi ake anasiya. Ankayala bulangete lakale patebulo la pabalaza, pansi penipeni pa babu lija. Mwamuna wake ankakoleza makala panja, kukupiza ndi chivundikiro cha poto, n'kumabweretsa simbi itatentha. Iye ankawaza madzi ndi zala, kupukuta pansi pa simbi pa kansanza, n'kuyamba ndi kolala, kenako mapewa, manja, n'kumalizira kumsana. Malaya oyera ndiwo ankaopsa. Kakhala kakang'ono kakathawa pa bowo la simbi n'kugwera pa malaya oyera, phindu la sabata yonse lapita. Ndiponso makala sadikira munthu: akafika pabwino uyenera kusita nthawi yomweyo, ukachedwa wawotcha ndalama pachabe.

Maulendo a Lamulungu aja anatha motero. Anawaimbira bambo ake kuti awauze.

"Bambo, Lamulungu lino sindibwera. Ndapeza kaganyu kosita."

"Sita, mayi, sita," anatero Akondakitala, poti mwana wawoyo ankamutcha mayi. "Ndalama siikwera basi yokha kubwera kwa iwe. Udzabwera ukapuma."

"Ndiye za foninso... mayunitsi akumandithera."

Kunali zii. Make Mapasa anayang'ana foni kuti mwina yaduka, chifukwa anali asanawamvepo bambo ake atakhala chete.

"Ndamva," anatero kenako. "Pakamwa panga pakukudyera ndalama."

"Sindinatero, bambo."

"Sunatero, koma masamu ndimawadziwa, ndinkagwira chenji ine. Tamvera. Zaka zonse zija ine ndi dalaivala sitinkalankhulana. Iye kutsogolo, ine kumbuyo, pakati anthu ndi mitolo yawo. Ndikamenya chitsulo kamodzi, ndiye kuti tipite, zonse zili bwino. Kawiri, tiime, pali vuto kapena wotsika. Iwe madzulo uziliza foni yanga kamodzi n'kudula, ine ndiziliza yako kamodzi. Palibe wolipira. Likadzafika tsiku loti ndaliza kawiri, pamenepo udzaimbe."

"Ndiye mutha kupirira inu, osalankhula?"

"Ndizilankhula ndi mlamu wakoyu, alibe kothawira. Koma tisanatseke depoti, ndikumalizire ya mayi wa kabati uja. Ndinakuuza kuti kabatiyo ndinaidulira tikiti yakeyake, poti inakhala pampando ngati munthu? Ndiye titangodutsa pamlatho, insipekitala wakwera. Wayang'ana ine, wayang'ana kabati..."

Mayunitsi anathera pomwepo. Make Mapasa anaika foni patebulo ndipo, tisabise, anapepukidwa. Anachita nako manyazi kupepukidwako, koma manyazinso ndi a masiku oyamba okha.

Nzeru ya Akondakitala inagwira ntchito kuposa mmene iwo eni ankaganizira. Madzulo alionse foni inkalira kamodzi patebulo, ndipo iye ankayankha poliza kamodzi ndi chala chachikulu cha kumanzere, dzanja lamanja lili pantchito ina. Chalacho chinaphunzira kudula foni isanamalize n'kulira komwe. Mapasa akafunsa za agogo awo ankangoti, "Ali bwino, aliza." Mvula inabwera, malaya n'kumayanikidwa m'nyumba pa zingwe zodutsa pabalaza, anthu n'kumayenda chowerama. Mvula inatha. Mwininyumba anayambanso kuyankha moni, mpaka kufunsa za ana. Babu limodzi linabwerera kuchipinda. Koma zimene munthu wadula sizibwerera zokha, ndipo Make Mapasa anali asanamvebe mawu a bambo ake kuchokera tsiku lija insipekitala anakwera basi.

Tsiku lina anakumana ndi mlamu wake pamsika paja, aliyense ali ndi katundu wake.

"Alamu, mwasowatu," anatero mlamuyo. "Bambo achepa thupi. Dzuwa likangopendeka amatuluka kukakhala pakhonde, foni ili m'manja, kudikira inuyo. Ikalira amaseka okha, n'kulowa."

"Ndibwera mwezi ukatha."

Mwezi utatha, ofesi ina inamupatsa makatani onse kuti achape. Mwamuna wake anayesa kulankhulapo. "Pitani kwa bambo, mayi. Lamulungu limodzi lokha ndisita ndine."

"Inu mungawotcherere kolala," anayankha iye, ndipo nkhaniyo inathera m'kuseka.

Sikuti sankawakonda bambo ake. Ankawakonda ngati mmene ankakondera zonse masiku amenewo, podziwa m'mutu kuti amawakonda. Bambowo anali pabwino, anali ndi wowaphikira, ankaliza foni. M'nyumba yodontha munthu amathamangira pamene pakudontha, ndipo Akondakitala sankadontha.

Kenako bwana wamkulu wa nyumba yosanja ija, amene malaya ake ankachapitsa kumakina, anamva mbiri yake n'kumupatsa malaya ake oyera kuti amuyese. Lamulungu limenelo Make Mapasa anawasiya kuti akhale omaliza, dzanja litazolowera. Dzuwa linali litangolowa. Bambo a mapasa anabweretsa simbi makala ali psuu, afika pabwino penipeni. Anayala malaya oyamba, n'kuwaza madzi pa kolala.

Foni inalira n'kuduka. Anatambasula dzanja lamanzere kuti ayankhe, koma asanaigwire inaliranso, n'kudukanso.

Tisamunamizire kuti anaiwala, kapena kuti anaganiza kuti chala cha nkhalamba chaterereka. Anadziwa. Anaima simbi ili m'mwamba, kutentha kwake kukumuomba kumaso. M'foni munali timayunitsi tongokwanira moni, ndipo bambo ake analibe moni wamfupi. Kagolosale ka kutsidya kwa msewu kanali kosatseka, ankachita kuona nyali yake pawindo. Koma kupita, kudikira wogulitsa amalize kucheza, kubwera, kumvera nkhani ya kabati mpaka kumapeto, makala akanakhala atazima, ndipo m'thumba la makala munatsala fumbi lokha. Malayawo ankafunika m'mawa. Anafufuza mumtima mwake ngati muli mantha, ndipo sanapezemo chilichonse, mawu amodzi okha akuti mawa.

Analiza kamodzi n'kudula.

"Aliza kangati?" anafunsa mwamuna wake ali pakhomo.

"Aliza."

Anasita kolala khutu lili ku foni. Akanalizanso kawiri bwenzi atasiya zonse, ankadziuza choncho, ndipo mwina zinali zoona. Foni sinalirenso. Malayawo anatuluka bwino kwambiri, opanda khwinya ngakhale limodzi.

M'mawa mwake, ali pakati pa masitepe ndi mopu, foni inalira osaduka. Anali mlamu wake.

"Alamu, tili kuchipatala. Bambo agwa potuluka m'bafa. Sakulankhula."

"Ndamva," anatero Make Mapasa.

Anamaliza kukolopa masitepewo, chifukwa masitepe onyowa theka ndiwo amagwetsa anthu. Anatsuka mopu, n'kukapachika malaya a bwana kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo, n'kukapempha kwa kapitawo kuti achoke. M'minibasi anakhala chikwama chili pamiyendo, kudikira kuti kulira kubwere. Sikunabwere. Anazindikira ali kale pansi, akuyenda m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu, kuti watsikira pamtunda pamene mtengo umasinthira, chipatala chikadali kutali. Miyendo inatsika yokha. Anaima pang'ono, kenako anapitiriza wapansi, poti kukweranso kukanakhala kulipira kawiri.

Anawapeza bambo ake pabedi la kumapeto kwa wodi. Pakamwa panali patakokekera mbali imodzi, dzanja lamanja lili gone pabulangete ngati si lawo. Maso okha ndiwo anali a Akondakitala. Anamuona akulowa n'kumutsatira mpaka pamene anaima. Milomo inayesa, khosi linayesa, koma chimene chinatuluka chinali kaphokoso kopanda mawu.

Dokotala, mayi wotopa ndithu, anati ndi sitiroko, n'kufunsa kuti zinayamba liti.

"Kugwa agwa m'mawa uno," anatero mlamu uja, "koma dzulo madzulo ankadandaula kuti mkono wachita dzanzi, lilime likulemera. Ndinati tiyeni kuchipatala, iwo akuti ayi, ndilankhule kaye ndi mayi wanga. Ndiye anatenga foni n'kudinadina. Italira anaiyang'ana, n'kuseka, akuti, ‘Dalaivala wakana kuima.’ Ine ndinangoti ndi nthabwala zawo zija. Kenako anakagona."

Mlamuyo sankadziwa za kamodzi ndi kawiri, ndipo ananena zimenezi akupinda kathaulo. Dokotala anati zikanakhala bwino akanabwera dzulo lomwelo, n'kupita pabedi lina. Make Mapasa anayang'ana bambo ake, iwo anayang'ana kudenga. Anadikiranso kuti chinachake chimugwire, pakhosi kapena m'mimba, koma panalibe. Chimene anaona n'choti malaya amene bambowo anavala anali okwinyika kwambiri, ndi kuti zikhadabo zawo zinali zitakula.

Akondakitala anatuluka m'chipatala patapita masabata angapo. Mwendo unabwererako pang'ono, mawu sanabwerere. Mlongo uja anafika ndi thiraki yake, analira mokweza pabalaza, anasiya ndalama, n'kunyamukanso. Make Mapasa anasirira kulirako.

Lamulungu lotsatira anamusiyira mwamuna wake mathalauza, amene savuta kusita, n'kukwera minibasi ziwiri zija ndi buledi m'jumbo. Anawapeza bambo ake atatsamira pilo pabedi lawo lamatabwa. Anakoka kampando kaja n'kuyamba kuwawenga zikhadabo, dzanja lakufa poyamba, kenako lamoyo. M'chipindamo munkangomveka kachitsulo kowengera. Zaka zonsezi sankadziwa kuti kamalira choncho.

Atamaliza anafunsa, maso ali pa zala zawo, "Bambo, tsiku lija munkafuna kundiuza chiyani?"

Nkhalambayo inamuyang'ana. Kenako inakweza dzanja lamanzere, n'kugogoda thabwa la bedi kamodzi.

Tipite, zonse zili bwino. Anamva, ndipo anapitadi, poti malaya ankamudikira. Pobwerera, kondakitala wa minibasi atamenya chitseko kuti dalaivala anyamuke, iye anayang'ana panja.

Atafika kunyumba anapeza mwamuna wake atamaliza mathalauza, akukoleza makala ena a malaya. Malaya a bwana analiponso, poti bwanayo anakhutira. Make Mapasa anayala bulangete, anawaza madzi pa kolala, kenako anapukuta manja n'kutuluka. Anawoloka msewu kupita pa kagolosale kaja n'kugula mayunitsi ambiri kuposa amene anagulapo chaka chonsecho.

"Kwagwanji, Make Mapasa?" anafunsa wogulitsa. "Mwatola chikwama?"

"Ndipatseni, ndikuchedwa."

Anabwerera, n'kuima pa tebulo lake, n'kuimba. Anayankha mlamu wake.

"Alamu, ayikeni foniyo pakhutu. Agwire okha ndi dzanja labwinolo."

Kunamveka phokoso la nsalu, kenako kupuma. Kunali kupuma kolemera, kokoka, ndipo chapatali mbale zinkagundana kukhitchini.

"Bambo, ndine."

Kupumako kunasintha pang'ono. Make Mapasa anadikira, n'kukumbukira kuti palibe chimene akudikira. Moyo wake wonse ntchito yolankhula inali ya bambo ake. Iye ankangoti eya ndi inde. Tsopano inali yake, ndipo analibe poyambira. Anawauza kuti mapasa ali bwino. Anawauza kuti babu la kuchipinda alibwezera. Zinatha. Bambo a mapasa analowa ndi simbi yotentha, anaiika pa njerwa yake, n'kuima pambali.

"Bambo," anatero iye, "mayi uja anakwera ndi kabati. Yodzaza mbale. Inu munati ikwere padenga, iye anakana. Ndiye munaidulira tikiti yakeyake, poti inakhala pampando ngati munthu." Mawu ake ankatuluka owuma, ngati akuwerenga chikwangwani. "Mutangodutsa pamlatho, insipekitala wakwera. Wayang'ana inu, wayang'ana kabati. Ndiye... ndiye anati..."

Anaima. Nkhani imeneyi anaimva kambirimbiri, ali mwana, ali mtsikana, ali ndi pakati pa mapasa, ndipo sankadziwa chimene insipekitalayo ananena. Nthawi zonse ikafika pamenepo mtima wake unkakhala uli kwina, pa mtengo wa mafuta kapena pa minibasi yobwerera. Amene ankadziwa anali kumapeto ena a foniyo, akupuma.

Anakhala choncho awiriwo, mayunitsi akupita. Kenako munamveka kugogoda, bambowo atagunditsa foniyo pa thabwa, kamodzi. Anadziwa chimene ankatanthauza: dula, mayi, ukuwononga ndalama. Chala chachikulu chija chinanyamuka chokha kupita pa batani lofiira, monga chinaphunzirira. Anachiona chikupita, n'kuchibweza.

Anayandikitsa foni patebulo, pamene bulangete linathera, n'kugogoda thabwa kawiri.

Kumeneko kupuma kunaduka, n'kuyambiranso mwachidulechidule, ndipo sanathe kudziwa ngati bambo ake akuseka kapena akulira. Apo ndi pamene chinamupweteka. Chinayambira pansi pa nthiti n'kukwera, ndipo anazindikira kuti ichi sichinali cha masiku oyamba okha. Anakhala pansi, msana utatsamira mwendo wa tebulo, foni ili pakhutu.

Mwamuna wake anayang'ana simbi, anayang'ana mkazi wake, n'kuinyamula kukaiika panja. Makala anazimira komweko. Malaya a bwana anagona osasita, kolala yake itanyowa, ndipo Make Mapasa sanadule foni.